Wofiirayo Ndi Iye

M'sitolo ya Rustam, kuseri kwa msika wa Karakol,
makamera atatu agona pa kansalu kobiriwira.
Ine ndaima pakhomo, nsapato zikudontha madzi a chipale,
ndalama za nkhosa ziwiri zili m'thumba la jekete
ndipo dzanja langa silikuchokapo.

Iyi yaikuluyi, akutero Rustam, diso lake n'lakuthwa,
ingakuonetse nthunzi yotuluka m'mphuno za hatchi
ili kutsidya kwa chigwa.
Ndainyamula. Njerwa yeniyeni.
Ndikadzagwa nayo pamtsetse
ndidzalira chiyani, bondo langa kapena iyo?

Kakang'onoka umakamangirira pachisoti,
manja ako n'kutsala pa ndodo.
Koma kamapinda dziko,
phiri limakhota ngati mkombero wa mbale,
ndipo munthu amene ukumutsatayo
amasanduka kadontho.

Begimai si kadontho.
Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, dzino lakutsogolo lobenthuka,
jekete yofiira yomwe manja ake ndinapinda kawiri.
Akamatsika pa timatabwa take
amawerama ngati akunong'oneza phiri chinsinsi,
kenaka fwaa! chipale chimwazika
ngati ufa wothawa m'thumba long'ambika.

Mayi ake sanazionepo izi.
Gulsara ali ku Moscow,
akukolopa masitepe a sitima zapansi pa nthaka,
chisanu chachitatu tsopano.
Chaka chatha ndinamujambulira pa foni:
pansi mbee, kumwamba mbee,
chala changa chitauma gwa,
batire n'kufa mwana asanafike pa mtengo woyamba.
Gulsara anaonera kakhumi, ndiye analemba:
Wofiirayo ndi iye, kapena ndi mbendera?

Choncho mafunso anga si a anthu a ndalama.
Rustam, kodi batire lake limapirira kuzizira?
Uzilisunga m'khwapa, akutero, ngati dzira.
Nanga batani lake ndingalipeze nditavala magolovesi?
Nanga manja anga akamanjenjemera,
chithunzi chinjenjemera nawo?
Imatha kuchedwetsa nthawi,
kuti kukhota kumodzi kutalike
kufikira mayi wotopa atamaliza tiyi wake?

Yachitatuyo Rustam sakuitamanda.
Anaigulitsa mlendo wina wosowa ndalama ya basi.
Yakalikakalika, pangodya ili ndi mng'alu,
lamba wake akununkhabe thukuta la mwini.
Batani lake ndi limodzi, lofiira, lalikulu ngati nyemba.
Khutu lake lokha ndiye labwino, akutero,
mphepo siiligonthetsa.
Tatsutsana mtengo mpaka tiyi wazizira.
Ndatuluka nayo, pamodzi ndi chenji cha theka la nkhosa.

Loweruka m'mawa.
Ndaima pakati pa mtsetse, pafupi ndi mikungudza,
batire lofunda ndi thupi langa,
zigongono ndazipanikiza m'nthiti monga anandiuzira.
Kumtunda uko kofiira kagwedezeka.
Ndadina.

Akubwera.
Akukhota, akukhotanso, akukula,
dzino lija likuoneka,
ndipo ine, chitsiru cha bambo,
ndatsitsa kamera kuti ndimuone ndi maso angawa.

Madzulo taonera tonse pa tebulo:
nsonga za nsapato zanga,
mthunzi wanga wautali,
chipale, chipale,
ndi kachidutswa kofiira kodutsa pangodya
mofulumira kuposa kuphethira.

Koma mawu onse alimo.
Timatabwa tikupala chipale, shwii, shwii,
mwana akuseka mokuwa, Ata, chokani panjira!
ndi mwamuna wina wosasa mawu
akufuula dzina limodzi kasanu ndi kawiri.
Sindinadziwe kuti ndimafuula.

Ndatumiza choncho, ndi manyazi anga.
Foni yakhala chete usiku wonse.
M'bandakucha, nthawi imene amaweruka,
yalira kamodzi.

Ndamumva, walemba Gulsara.
Ndakumvaninso inu.
Loweruka likubwerali mukajambulenso,
koma manja m'mwamba, Talant,
manja m'mwamba.