Lachinayi Lisanafike

Adotolo anati Lachinayi adzapala ng'ala m'maso mwa bambo.
Bambo anati, asanandigwire ndi kampeni kawo
ndionetseni dziko ndi maso akale omwewa,
mwina atsopanowo sadzalidziwa.

Ndiye tinabwereka pikapu ya Anusa,
ya chitseko chomanga ndi mphira,
zigubu ziwiri za madzi, chinangwa chophika,
ndi petulo wa ndalama zomwe ndinkasungira malata.

Tinanyamuka ku Matawale atambala asanatope.
Pokwera phiri galimoto inkatsokomola,
pa makona Anusa ankapemphera chamumtima
milomo yokha ikugwedera.
Pamwamba ana anatithamangira ndi timbale ta mabulosi,
kuseri kwawo zitsa za paini zili ndandanda.

Pa dzenje la Chingwe bambo anaponya mwala
natchera khutu, dzanja lili paphewa langa.
Sunafikebe, anatero. Tiyeni,
udzafika ife tili kutali.

Pa mathithi madzi anali ulusi chabe.
Anatapa m'manja, anasamba kumaso,
anati kuzizira kwake ndi komwe kuja.
Atafunsa ngati Mulanje akuoneka ndinati eya.
Ndinanama.
Kunali utsi wa lupsa wokhawokha.

Kenako kutsika, kulunjika ku Kachulu,
Okotobala atatsegula ng'anjo yake yonse.
Phula linatha, fumbi linalowa m'mano.
Mbuzi zitatu zinkalimbirana mthunzi wa chikwangwani.
Tayala linaphulika pafupi ndi chigayo chotseka,
Anusa anagona pansi pa galimoto akutukwana jeke,
bambo ali phee, mphuno m'mwamba.
Anati, sindikumva fungo la matemba. Tasochera kodi?

Sitinasochere.
Pa doko panalibe doko.
Mabwato anagona chammbali ngati ng'ombe za chaka cha chilala,
matope atang'ambika ming'alu yomeza phazi la mwana,
mpaka uko kumene thambo limagunda pansi.
Akabaza ankapalasa njinga kupita ku Chisi
atanyamula amayi ndi madengu awo.
Kamvulumvulu anadutsa yekha, wopanda omuthamangitsa.
Patsogolo madzi abodza ankanyezimira,
ukawayandikira amasuntha.

Ndinawauza zonsezi mmodzimmodzi.
Anakhala chete. Kenako anati, Anusa, lowa.
Njira ndikuuza ndine.
Zaka makumi atatu ndagwira nkhafi pano.

Tinalowa m'nyanja ndi matayala.
Kumanzere, kuno kuli njedza, ukodwa.
Anusa anakhota, kuzemba njedza zomwe kulibe.
Pang'onopang'ono, apa ndi pakuya.
Anusa anachepetsa liwiro, sanaseke,
fumbi lathu likutsatira m'mbuyo ngati mafunde.
Zigoba za nkhono zinkaphwanyika pansi pathu.

Ima.

Anatsika, anavula nsapato pa dothi lootcha,
anayenda mapazi khumi ndi awiri, akuwerenga.
Apa ndi pomwe anamira Sikelo, mng'ono wanga,
chaka chomwe mphepo inagubuduza mabwato asanu.
Sitinamupeze.
Ndipatseni chigubu.

Anathira madzi onse mu mng'alu umodzi.
Nthaka inamwa mosasiya ndi dontho lomwe.
Unapita ndi madzi ochuluka, mbale wanga,
lero taona, uli ndi ludzu.
Sanalire. Anapukuta manja pa buluku,
anafunsa ngati chinangwa chatsalako.

Pobwerera injini inawira,
chigubu chachiwiri chinamwedwa ndi galimoto,
ife tinameza malovu mpaka m'tauni.
Magetsi a Zomba anayamba kuyaka m'munsi mwa phiri,
ndinawawerengera bambo mpaka ndinasokoneza.

Lachinayi m'mawa, pa benchi ya chipatala,
atavala chovala chobiriwira chomanga kumsana,
anandikoka dzanja namwino asanaitane dzina lawo.
Nsapato zanga zija musazipukute, anatero,
fumbi lake ndikufuna ndidzalione.