Fulu

Mawu oyamba a Chingerezi amene ndinaphunzira pa ntchito ino
sanachokere m'buku.
Anatulukira pa windo la galimoto yoyera,
galasi litatsika zala zitatu zokha:
"Fulu thanki."
Kwathu ku Khombedza fulu ndi kanyama ka chigoba
kamene tinkakatembenuza ndi ndodo kudambo,
ndiye ndinatsala pang'ono kuseka.
Bwanayo sanaseke. Analunjika ku Senga Bay,
ine n'kutsala ndi fungo la petulo m'manja.

Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano pa pampu ya pa Kaphatenga,
ndaona kuti mawuwa amasankha pakamwa.
Fulu amakonda anthu osafunsa mtengo.
Twaibu wa kabaza sanamutchulepo.
Iye amati, "Dontheza a fo sauzande, mlongo,"
kenaka amagwedeza njinga, khutu lili pa thanki
ngati mzamba womvera mwana m'mimba.

Koma ovalodi ndi wake.
Amayi awiri, thumba la mpunga wa ku Lifuwu,
mbuzi yopingasa pamiyendo,
wapolisi n'kukweza dzanja.
Bwana akadzaza, timati zikomo bwana.
Twaibu akadzaza, ndi mlandu.

Dzulo Ndaziona wanga wa Folomu 2
anabwera ndi mndandanda wochokera kwa aphunzitsi.
Akuti Angerezi ali ndi mawu a chikho chodzaza mpaka m'milomo,
ena a chikho chotha n'kuthiridwanso,
ena a zotsala munthu utakhuta.
"Sapulasi," anatero, lilime likupunthwa. "Rifilu. Ekisesi."
Ati ndimupatse zitsanzo za pakhomo pano.

Ndinayang'ana m'nyumba monse kaye.
Ndinati rifilu ndi ija ya bolopeni yako,
timagula mtima wokha, thupi n'lakale lomwelo.
Sapulasi lemba mango a mu Disembala,
oolera pansi pa mtengo, mbuzi n'kumawalumpha.
Ekisesi lemba Linthipe chaka chija
anabwera osaodira
n'kugona masiku anayi m'munda mwa amalume ako.
Anafunsa, nanga chitsanzo cha ndalama?
Ndinati chimenecho ukafunse pakhomo pena.

Ifenso tili nawo athu, ndinamuuza:
tho, ndendende, mbwee, phwamwamwa,
mawu oti ukamawatchula masaya amafufuma okha
ngakhale wagona ndi tiyi wopanda mkaka.
Anati amenewo pa mayeso sabwera.

Anga a Chingerezi ndi awiri.
Ovataimu, amene amatupitsa mapazi osati envelopu,
ndi shoti, amene a Chikakuda amamupeza
akanyowetsa chala n'kuwerenga kachitatu
shifiti ikatha.

Pali amodzi ndinawafuna pa pepala lake, osawapeza:
basela.
Ekisitala umalipira, amalembedwa pa lisiti.
Basela ndi tomato wachisanu
amene Abiti Saizi amaponya m'jumbo osakuyang'ana
poona kuti mwezi wakufika m'khosi.
Pampu ilibe basela,
imaima pomwe ndalama yathera.
Komabe dontho lotsalira kukamwa kwa paipi
ndimaligwedezera mwa Twaibu.

Sabata ino mafuta kulibe.
Chodzaza pa Kaphatenga ndi mzere wokha,
wafika mpaka pa chigayo,
anthu akugona m'mipando, zigubu atazimangirira chingwe chimodzi.
Galimoto yoyera ija ilinso momwemo
kumbuyo kwa njinga makumi atatu,
galasi latsika lonse.
"Mlongo, kodi thankala ifika liti?"
Lero ndine mlongo.

Ndikuti ili m'njira bwana, ikubwera.
Ndipo ndikuyang'ana ku msewu wa ku Lilongwe,
phula likuwira, fumbi lili phee,
m'maso mwanga muli fulu wa kwathu uja
atasenza katundu wake yense kumsana,
akutsika zitunda za ku Mvera,
phazi limodzi,
kupuma,
kusuzumira uku ndi uku,
phazi lina.