Kumanzere Kuli Zii

Ndinaigula chaka chomwe fodya anatikumbukira,
mabelo atatu ku Chinkhoma,
ndalama isanazizire m'thumba.
Bokosi lakuda la maso obiriwira,
ana ake asanu m'ngodya za pabalaza,
chimkulu chawo pansi pa tebulo
chikugunda ngati mtondo wa kwa aneba.
Akaponya bomba mufilimu
nkhuku zinkabalalika pakhonde.

Mwezi wathawu magetsi anabwera ndi ukali
ngati munthu wochokera kumowa.
Inangoti thapu, n'kutseka maso.
Kuyatsa, thapu. Kuyatsanso, thapu.

Ndinayamba ndi limoti,
poti wochepa ndiye amayamba kumenyedwa.
Mabatire ndinawaluma, ndinawayanika padzuwa.
Fyuzi ndinaiunika pawindo, kaulusi kake kali gwa.
Ndinazula mawaya onse kumbuyo,
wofiira, wakuda, wina wolawidwa ndi khoswe,
n'kuwabwezera mmodzimmodzi, ndikupemphera chamumtima.
Zelesi anakuwa ali kukhitchini:
bwanji osangotsegula kawailesi kakale kaja?

Loweruka ndinaikulunga m'chitenje,
pa kabaza mpaka kuseri kwa msika wa Kasungu,
kwa Lufeyo, komwe mawailesi akufa
asanjikizana mpaka kudenga.

Pabenchi panali akatswiri osaitanidwa.
Wina akuti za ku Joni ndiye zolimba,
yake yaimba maukwati anayi, sinakhosomolepo.
Wina akuti bodza, zonse zimabadwira nyumba imodzi,
amangozisintha dzina pamphumi.
Wachipewa akuti gulani yakalekale, yolemera ngati mphero,
zopepuka zamasiku anozi ndi makatoni ovala suti.
Anawerenga dzina la yangayo, n'kuseka:
chilembo chimodzi chasowa apa, akulu,
munagula msuweni wake.

Lufeyo sanalowerere.
Anamasula chivundikiro, nauzira fumbi,
mphemvu ziwiri zinatuluka osatsanzika.
Analoza timigolo tiwiri totupa mitu:
iti tadya magetsi osapola.
Kautsi ka mtovu kanakwera pang'onopang'ono.
Thapu. Maso obiriwira aja anatseguka, osaphethiranso.
Zikwi khumi ndi ziwiri, anatero,
ndipo dzina silitchinga mphezi,
mukagule kotetezera magetsi.

Kunyumba inaimba ndithu.
Koma kumanzere kunali zii,
ngati theka la kwaya lapita kumaliro.
Ndinasinthanitsa masipika. Kumanzere zii.
Ndinagula waya watsopano. Zii.
Lolemba ndinabwerera kwa Lufeyo
mawu olalata nditawanola kale panjira.

Anailumikiza, naima pakati, natsinzina.
Zonse zikulira, akulu.
Ndinati musandipusitse.
Anandiimika pomwe anaima iyepo,
nandigwira mapewa, nanditembenuza kuyang'ana kumsewu.
Tsopano yosalira ndi iti?

Chete uja anali atatembenuka nane.

Mumagwira ntchito yanji?
Ndinati chigayo, kwa Gogode,
zaka khumi ndi zinayi,
ndimathira chimanga ndi dzanja ili,
injini ili mbali iyi,
ndipo ndinaona chala changa chomwe
chikuloza khutu langa.

Pabenchi palibe anatchula kampani.
Wachipewa anavula chipewa, nachiyang'ana mkati,
nachivalanso.
Lufeyo anakulunga waya mosafulumira,
nati ichi ndilibe sipeya yake,
kachipatala mukayeseko.
Sanandilipiritse.

Wakabaza ankayankhula njira yonse,
ndinkangoona khosi lake likugwedera.
Bokosi lili pamiyendo panga, lofunda, lopanda mlandu.

Madzulo ndinakhala pampando wanga wa masiku onse.
Zelesi anakhala pa wake,
kumanzere kwanga,
pomwe wakhala chikwatiranireni.
Ndi zaka zingati ndakhala ndikuuza anzanga
kuti mkazi wanga anasiya kucheza,
kuti amangotafuna milomo filimu ikamaonetsa?

Ndinazimitsa ndekha, thapu.
Ndinanyamula mpando wake kuuika mbali inayi.
Anandiyang'ana, nakhala.

Kani anali ndi nkhani zambiri chonchi.
Ina ndi ya mbuzi yomwe tinagulitsa dzana chaka chija,
akuti anandiuza katatu kuti mtengo wachepa.