Mawu a Eusebio

Tsiku loyamba Eusebio sanandipatse chingwe.
Anandipatsa mawu.
Mpata, anatero, si dzenje wamba:
ndi pomwe denga lakugwa latsamira pa firiji
n'kusiya malo okwana munthu wopinda mawondo.
Kumeneko ndiko timafunako.

Ndinaloweza ngati mwana wa sukulu.
Nangula ndi chomwe sichisuntha ukachikoka.
Mchirikizo ndi thabwa losenza khoma
kuti usalisenze ndi msana wako.
Ukatukula pang'ono, lowetsa mtengo pansi, kenako tukulanso.
Wenzulo ikalira katatu, thawa,
chipewa chikagwa chisiye.

Usiku umene nthaka inagwedeza tauni yathu ku Oaxaca
mawu onsewo anandithawa.
Ndinatsala ndi manja okha, ndi ndowa ya zigumu.

Kenako Eusebio anakweza chibakera m'mwamba.
Jenereta inazima.
Mayi wogulitsa khofi anatseka mwana wake pakamwa.
Galu wathu Canela anaima, mwendo umodzi m'malere.
Msewu wonse zii,
ndipo pansi pa simenti, kutali,
supuni inkagogoda paipi:
ko, ko. Ko.

Maola khumi ndi limodzi, thabwa ndi thabwa.
Anatuluka Nayeli, fumbi mpaka m'zikope,
supuni ikadali m'manja,
akufunsa za azakhali ake.

Pali kusiyana kumene Eusebio sanalembe pa bolodi:
kupulumutsa ndi kukatenga.
Anangondipatsa chitini cha penti, nandilozera khoma.
Ndinalemba wamoyo mmodzi.
Nambala yapansi
dzanja linakana, analemba yekha.