Wotiwerenga

Agogo Eleodoro Quilodrán ankayendetsa chikepe
chokweza anthu kuchokera kudoko la Valparaíso
kupita pamwamba pa phiri,
kumene nyumba zimagwirana mapewa kuti zisagwe.
Zaka makumi atatu ndi zinayi, chingwe chomwecho, belu lomwelo,
kukwera, kutsika, kukwera.
Ankati: "Ndayenda mtunda woposa amalinyero onsewa,
koma sindinachedwepo pa chakudya chamadzulo."

Girisi sankachoka m'zikhadabo zawo.
Agogo aakazi, a Herminia, anayesa sopo, anayesa mandimu,
anayesa kukalipa, kenaka anangowasiya.
Ndi manja omwewo ankasenda lalanje
khoko lake osaduka, lalitali ngati lamba,
n'kutigawira tonse asanu ndi awiri,
iwo n'kutsala ndi zala zonyambita.

Lamlungu usiku nsapato zathu zinkafola pakhonde.
Iwo pakampando, burashi m'manja, wailesi ikuulutsa mpira.
Timu yawo ikagonja polishi ankachuluka,
Lolemba tinkapita kusukulu ngati opita kuukwati.

Usiku wa chivomezi,
mbale zikudumpha m'kabati, agalu akuuwa phiri lonse,
anatitulutsa atavala kabudula wogonera ndi chipewa cha kuntchito.
Anatiimika pakati pa msewu n'kuyamba kugwira mitu:
Nélida, Baltasar, Ximena, mapasa, iwe, khanda.
Anawerenga katatu.
Kachitatuko chala chinkanjenjemera.
Kuyambira pamenepo sanasiye:
pokwera basi, kugombe, pakhomo la tchalitchi,
ngakhale ena titamera ndevu,
dzanja lija pamutu, milomo ikuyenda chamumtima.

Asakunamizeni kuti anali mngelo.
Bambo anga atapita kumigodi ya kumpoto osatsanzika,
agogo anatha zaka ziwiri osatchula dzina lawo.
Wolitchula ankadya yekha kukhitchini.
Koma posachedwapa, m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi,
tapeza malisiti a kupositi, limodzi pamwezi, osadumpha:
masokosi, khofi, ndalama pang'ono.
Kalata ayi. Zimenezo ndiye ayi.

Agogo aakazi atayamba kuiwala,
poyamba makiyi, kenaka njira ya kumsika, kenaka ife,
iwo anaphunzira kuluka tsitsi, maso atachita kale chidima.
Malukidwe ake anali okhota, koma palibe ankaseka.
M'mawa uliwonse ankagogoda pachitseko cha chipinda chawo chomwe,
chipewa m'manja:
"Ndine Eleodoro, wa chikepe uja. Pampandopa pali munthu?"
Masiku ena ankaloledwa kukhala.
Masiku ena ankabwerera, n'kukayesanso masana.

Anatisiya Lachiwiri, mu Ogasiti,
chifunga chitameza sitima zonse padoko.
Bokosi silinakwane m'chikepe chawo.
Tinayesa chopingasa, tinayesa choimiritsa,
mnyamata woyendetsa akupepesa ngati wolakwa ndi iye.
Ndiye tinawasenza pamapewa,
masitepe zana limodzi ndi makumi anayi,
bambo anga kutsogolo, bondo lawo likudandaula,
amayi a pagolosale atatseka theka la chitseko,
chikepe chikutidutsa chopanda munthu,
belu likulira.

Pansi, galimoto itatsegulidwa kale,
palibe anakwera.
Tinangoima, aliyense akuyang'ana nsapato zake zosapolisha,
kudikira chinthu chimene sitinkachidziwa dzina.
Dalaivala anayang'ana wotchi kawiri.

Kenaka Ximena,
yemwe ankazinda mutu nthawi zonse, ati amamusokonezera tsitsi,
anavula golovesi n'kuyamba:
mmodzi, awiri, atatu,
azakhali, mapasa ndi ana awo, ine,
khanda lija lomwe tsopano lili ndi dazi.
Atafika pa makumi awiri anaima,
dzanja lili m'malere.

Anayambiranso.