Funso la 17

Ndabwereranso ku Mtandire patatha masabata awiri,
fomu yomweyo, mafunso makumi anayi omwe aja,
kuti tione ngati sikelo yathu siinama.

A Chikaiko ndawapeza pomwe paja, akuwotcherera geti,
magalasi akuda ali pamphumi.

Funso la 17: Ndine munthu wodekha mtima.
Ulendo woyamba anati, "Kwambiri,"
ine n'kuchonga kabokosi kakumapeto.
Lero ayang'ana pepala mpaka chitsulo chazizira.
"Lembani kuti pang'ono."
Mwana wawo ali gone ku Sentulo chiyambire Lachiwiri,
ndipo fomu ilibe kabokosi ka zimenezo.

Ku ofesi, Mayi Nyirongo amati munthu ndi nyumba:
mayankho ndi malata chabe,
pansi pake pali nsanamira zisanu,
kompyuta imaziona ukaithira anthu chikwi.
Sindikutsutsa. Ndaziona ndi maso anga pa sikirini:
wokonda piringupiringu wa mumsika
ndi yemwenso amayamba kupereka moni kwa mlendo.
Mafunso amadziwana ngati apachibale.

Koma a Chikaiko ndi mzere 612.
Manambala awo awiri akana kugwirana chanza.
Mayi Nyirongo akuti ndisadandaule,
limenelo ndi fumbi,
limakhazikika lokha anthu akachuluka.

Madzulo, m'minibasi ya ku Kawale,
ndadzifunsa ndekha funso lija.
Powoloka mlatho ndinali wodekha kwambiri.
Kondakitala atati alibe chenji,
ndafufuza cholembera m'thumba
kuti ndisinthe yankho.