Ola Lowonjezera

Ku Dundee kumada msanga mu Disembala.
Elspeth Gowrie wayala makalata patebulo,
akuwerengera ndi pensulo yolumidwalumidwa.
Chaka chatha, akati agwireko ola lina kubekale ya a Rattray,
boma linkamudula thandizo la lendi:
dzanja ili kupatsa, linalo kutsomphola.

Pawailesi nduna ikuti zasintha,
msonkho watsika, mabwana alembe anthu ntchito.
A Rattray apima kale poika uvuni wachiwiri,
ati, "Lolemba ulawire."

Wafufuta, wawerengeranso.
Pakutsala mapaundi asanu ndi anayi.
Nsapato za Struan zikumwa madzi.

Watchera alamu folo koloko.
Pensulo ija sanataye,
waibisa m'chitini cha tiyi,
poti malamulo akuno satsalira kutali ndi mphepo ya pa Tay,
lero uku, mawa uko.